Khonde la Lameki Mbewe

Lameki Mbewe sanachoke kwawo kuti akakhale womanga nyumba. Pamene ankanyamuka kumudzi kwawo kufupi ndi Mkaika m'chaka cha 1909, kulowera ku mishoni ya Adatchi cha ku Sinda, anatsanzika mudzi wonse kuti akukakhala mphunzitsi. Anali mnyamata wa ndevu kale, wamtali ngati nsungwi, wosakonda zolankhulalankhula. Amayi ake anamukazingira nsawa za panjira, n'kuyamba tsiku lomwelo kudzitchula kuti amake aphunzitsi.

Zilembo anazigwira msanga. Chimene chinamukanika ndi pakamwa. Akamuimika kutsogolo kwa anzake kuti awerenge, mawu ankamuthawa, thukuta lili kamukamu. Mzungu wa sukulu anamupirira miyezi isanu. Tsiku lina anatenga sileti la Lameki, nayang'ana mizere imene mnyamatayo analemba popanda chowongolera, yowongoka ngati wachita kukoka ulusi, anati, "Iwe uli ndi diso. Pita kwa Ezekieli." Lameki anayesa kuti amukweza. Anakapeza kuti kwa a Ezekieli n'kudzenje, kumene anthu ankaponda dothi la njerwa, matope ali m'mawondo.

A Ezekieli anali mmisiri wochokera ku Nyasalande, munthu wamfupi wa mapewa otambalala, amene ankakhulupirira kuti kuyamikira wophunzira n'kumuwononga. Chaka choyamba Lameki ankangokumba chulu, kutunga madzi ndi kuponda dothi. Chaka chachiwiri anamupatsa chikombole, naphunzira kuumba, kuyanika, kusanja ng'anjo ndi kusonkhezera moto masiku atatu osauleka. Anaphunziranso kumvetsera njerwa: ukagundanitsa ziwiri, yopsa bwino imalira ngati khasu, yosapsa imangoti phu. Chaka chachitatu m'pamene a Ezekieli anamugwiritsa mpeni womangira, ndi chingwe cha mtovu kunsonga choonera ngati khoma laima chilili.

Khoma lake loyamba linali la khola la nkhumba za pamishoni. Analimanga masiku anayi, nakawaitana a Ezekieli mtima uli m'mwamba. Mkuluyo anabwera, analizungulira, anatembenuka n'kulitsamira ndi msana ngati munthu wofuna kupuma. Khoma lija linangoti gumu!

"Nkhumba zili ndi msana woposa wanga," anatero a Ezekieli. "Yambanso."

Anayambanso kasanu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi a Ezekieli anatsamira, anakankha ndi phewa, anaponda ndi mwendo, khoma lili nji. Anadzisansa fumbi, nati, "Wandithera njerwa zambiri iwe," n'kumapita. Lameki anasunga mawu amenewo zaka zambiri, poti panalibe munthu wina amene anamuyamikirapo chotero.

Nkhondo ya Jeremani itabuka, amesenjala a Boma ankalowa m'midzi kugwira amuna kuti akasenze katundu wa asilikali. Lameki sanamugwire, chifukwa anali pamwamba pa nsanja akumanga kachipatala ka mishoni. Kwawo ku Mkaika amayi ake ankafotokozera anthu kuti aphunzitsi sagwidwa.

M'chaka cha 1917 anakwatira Yunesi, mkazi woseka msanga amene anakumana naye m'kalasi ya ubatizo, wa kumudzi wina m'mbali mwa mtsinje wa Katete. Monga mwa mwambo, Lameki anakakhala komweko chikamwini. Tsono mkamwini ndi mlendo wogonera: amalima munda wa apongozi, amalankhula motsitsa, ndipo akakumana ndi apongozi aakazi panjira amapatukira kutchire. Apongozi akewo anali a Nankhoma, mayi wamasiye wowonda, wa mphini kumaso, wokonda fodya wamphuno, amene mawu awo ankamveka mpaka kutsidya. Iwo ndi Lameki sankayang'anana kumaso. Zonse zinkadzera mwa Yunesi, ngakhale atatuwo atakhala pabwalo limodzi, wina atayang'ana kum'mawa wina kumadzulo.

Nkhondo itatha azungu a fodya anachuluka. Anatsegula minda kuyambira ku Boma la Fort Jameson kutsika mpaka kuno ku Katete, ndipo aliyense ankafuna mabalani, zinyumba zazitali zija zopanda mazenera zowotcheramo fodya. Lameki anakatsanzika kwa a Ezekieli. Mkuluyo sanatukule ndi mutu womwe, anangoti, "Ukakamanga zokhota usakatchule dzina langa." Zokhota sanamange. Chilimwe chilichonse ankachoka munda uwu kupita munda uwo, ndipo akapitawo a m'minda anayamba kuuzana kuti balani ya Lameki siing'aluka ngakhale moto uchuluke bwanji.

Koma akabwerera kumudzi, mmisiri wotchukayo ankawerama polowa m'kanyumba kozungulira ka mitengo ndi dothi, kamene chiswe chinali chitadya kale nsichi zake. Mvula ikagwa ankasuntha mphasa. Tsiku lina, akuyang'ana madzi akudontha pafupi ndi mwana wawo Eliza, anati:

"Amake Eliza, fodya akugona pabwino kuposa ife."

"Ndiye kakhaleni fodya," Yunesi anaseka.

"Ndimanga nyumba ya njerwa. M'mudzi mommuno."

Yunesi anasiya kuseka, napita kukawauza amayi ake. Yankho silinafune wolitenga. Linabwera lokha kuchokera kuseri kwa nkhokwe.

"Yunesi! Uwafunse amuna akowo. Mkamwini amamanga chinthu choti tsiku lomupitikitsa azule chitseko chake azipita. Iwowa akufuna kumanga phiri. Akumanga nyumba kapena akulanda mudzi?"

"Amake Eliza, muwauze kuti ndikungofuna ana asamanyowe."

"Uwauze kuti iwe ndinakulera ukunyowa, ndipo sunasungunuke."

Nkhani inafika kwa a Yosafati, mlongo wawo wa a Nankhoma, amene anali nkhoswe ya banjalo. A Yosafati anali munthu wodana ndi milandu monga ena amadanira ndi njoka. Anamvetsera uku, anamvetsera uko, n'kugamula kuti mkamwini amange, koma kumapeto kwa mudzi, ndiponso asatume munthu aliyense wa m'mudzimo ngakhale kutola mwala. Ankayesa kuti zithera pomwepo.

Lameki anatenga zilimwe ziwiri. Anakumba chulu yekha, anaponda yekha, anaumba ndi kuwotcha yekha. Yunesi ndiye ankamutungira madzi, akumati akukachapa, ndipo anthu anaona kuti chaka chimenecho banjalo linkachapa kwambiri. Amuna a m'mudzi ankabwera kudzakhala pamthunzi n'kumaonerera, monga amaonerera munthu wozungulira mutu. Chinawadabwitsa koposa ndi maziko. Lameki anakumba ngalande yofika m'chiuno n'kuidzaza miyala, ndipo ngalandeyo inazungulira ndi pakhonde pomwe.

"Akamwini," anafunsa a Yosafati, "khonde lokhalapo nkhuku mpaka kulikumbira chotere?"

"Khonde si chigamba, amalume," anayankha Lameki, amene pa nkhani ya njerwa pokha pakamwa pankamasuka. "Khonde ndi nyumba. Maziko amodzi, denga limodzi. Omanga mwaulesi ndiwo amachita kuphatika pambuyo."

Mawu amenewa anawanena kwa aliyense wofunsa, ndi kwa ena osafunsa omwe.

Mu 1922 nyumba inatha: zipinda zitatu, mazenera anayi a matabwa, khonde la nsanamira za njerwa kutsogolo, ndi denga la malata akale amene mzungu wina wa fodya anamupatsa ataphwasula shedi. Anthu ankachokera midzi ina kudzaigwira ndi manja. A Nankhoma sanapondeko. Ankadutsa atatembenuza nkhope, akumati nyumba ya ngodya imabisa zoipa m'ngodyamo.

Chaka chotsatira, mwezi wa Okutobala, anthu osaka mbewa anatentha tchire masana mphepo ikuwomba. Moto unalowa m'mudzi. Dzuwa lisanapendeke nyumba khumi ndi zinayi zinali phulusa, ndipo inatsala ya Lameki yokha, itangoda ndi utsi mbali imodzi. Anthu onse anathamangira komweko ndi mitolo yawo. Woyamba kulowa, mphika uli pamutu, nkhuku ili m'khwapa, anali a Nankhoma. Anayendera zipinda zonse zitatu, anasankha chakum'mawa, anayala mphasa.

Pakutha mwezi aliyense anali atamanganso kwake. A Nankhoma nawonso anawamangira yawo, yozungulira bwino, yofolera udzu watsopano. Anakaiona, anaikamo miphika ndi nkhuku zawo, n'kubwerera.

"Yunesi, uwauze amuna ako kuti nyumba yawoyi ndi yoipa. Imazizira, ndiponso mvula imasokosa. Koma msana wanga wazolowera."

Apa panali vuto. Mkamwini sagona denga limodzi ndi apongozi ake aakazi. Kuyambira tsiku la moto lija Lameki ndi Yunesi ankagona m'kamsasa kamene anazika kuseri, podikira kuti anthu achoke, ndipo tsopano anaona kuti kudikirako kulibe tsiku. Anapita kwa a Yosafati. Anawapeza pakhonde lake lomwelo, pamene anali atazolowera kukhala masana onse akuluka mphasa.

"Pirirani pang'ono, akamwini," anatero a Yosafati. "Mlongo wangayu satha mwezi pamalo amodzi osakangana ndi malowo."

Unatha mwezi, chinatha chaka. Ana anatsala m'zipinda ndi agogo awo. Mmisiri wa mabalani anakulitsa msasa wake, anaumata dothi, ndipo mvula ikagwa ankasuntha mphasa, akumva malata ake akulira bwinobwino pamwamba pa apongozi.

Mu 1925 a Nankhoma anayamba chifuwa. Uthenga unamupeza Lameki ali pa balani cha ku Vubwi. Anasiya khoma lili pakati, chinthu chimene anali asanachitepo, nayenda masiku atatu mapazi mpaka kutupa. Anthu anati taonani chikondi. Koma chimene chinkamuthamangitsa chinali china. M'mudzimo, nyumba imene mwafera munthu wamkulu inkagwetsedwa maliro akatha, kuti mzimu usamabwerere kudzafuna pogona pake. Munthu akafera panja, kumunda kapena panjira, ankagwetsa nyumba yodziwika kuti ndi yake. Kwa anthu a nyumba za mitengo ndi udzu imeneyi sinali nkhani, poti masiku anayi ina yaima. Lameki anali Mkhristu ndipo zamizimu sankazisamala, koma mudzi sunali wake. Ankadziwanso kuti akadzakana, mwana aliyense wodwala malungo anthu adzati yamudwalitsa ndi nyumbayo.

Atafika anakhala kunja, pansi pa zenera la chipinda chakum'mawa, nalankhula ndi Yunesi mokweza pang'ono.

"Amake Eliza, muwafunse amayi ngati sangakonde kukapuma kunyumba kwawo kuja. Kumafunda bwino. Chifuwa chimafuna pofunda."

Mkati munamveka kutsokomola, kenako kuseka, kenako kutsokomolanso.

"Yunesi, uwauze kuti ndamva. Uwauze kuti ndifera muno. Chipinda chomwechino, mutu utaloza uku."

Kuyambira tsiku limenelo m'dera lonse la Katete munalibe nkhalamba yosamalidwa ngati a Nankhoma. Lameki anayenda wapansi kukatenga mankhwala kuchipatala cha mishoni. Anakafula njuchi, iye woopa njuchi, nabwera nkhope itatupa maso osaoneka. Anapha nkhuku zake imodziimodzi. Anakagula bulangete kusitolo ya Mmwenye. Anapempha kuti awasamutsire m'chipinda china masiku awiri, n'kumanga kachumuni pangodya kuti aziwotha moto wopanda utsi. A Nankhoma anachira, ananenepa, anayambanso kulalatira anthu a kutsidya. Koma akangotsokomola kamodzi, Lameki ankadzidzimuka kuseri ngati wamva mfuti, ndipo mayiwo ankazidziwa zimenezi.

"Yunesi, uwauze kuti lero ndikumva ngati sindifika mawa. Mwina kachiwindi ka insa kangandibweze."

Lameki ankatenga misampha n'kulowera kutchire.

Amayi a m'midzi yoyandikana anayamba kubwera kudzaona ndi maso awo. Ankalowa, kugwira bulangete, kusuzumira m'chumuni, kulawa uchi. Pobwerera ankakawakhalira pakhosi akamwini awo: "Anzanu anapereka nyumba ya njerwa kwa apongozi, iwo n'kumagona mumsasa. Inu kandiwo kokha kakukanikani?"

Koma zaka ziwiri n'zambiri kwa anthu olankhulana tsiku ndi tsiku, ngakhale pakati pali khoma. Pang'onopang'ono Yunesi anayamba kumangochoka kukachita ntchito zake, awiriwo n'kumapitiriza "uwauze" ndi "muwauze" kwa munthu amene palibepo. Dzuwa likapendeka Lameki ankakhala pansi pa zenera akusema mpini, a Nankhoma ali mkati akuneneza mudzi wonse mmodzimmodzi, kuyambira mlongo wawo. Nthawi zina ankasiya zoneneza n'kutchula ana awo anayi amene anaika m'manda, mayina awo ndi nyengo imene aliyense anapita. Lameki ankawafotokozera za a Ezekieli ndi khola la nkhumba. Tsiku lina anawauza chimene sanauzepo munthu m'mudzimo, kuti iye ku mishoni ankafuna uphunzitsi ndipo unamukanika, ndiponso kuti amayi ake anamwalira akuyesabe kuti ali ndi mwana mphunzitsi.

Yankho linachokera mkati.

"Yunesi, uwauze kuti aphunzitsi ndawaonapo atatu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene mawu ake ananditchingapo mvula."

Mu Julayi 1927, nyengo yozizira, chifuwa chinabweranso, ndipo ulendo uno uchi ndi nkhuku sizinathandize. A Nankhoma anasiya kudya, anasiya kulalata. M'mawa wina Yunesi anapita kumadzi, Lameki anapita kukadula nkhuni za m'chumuni, ana anatuluka ndi mbuzi. Pobwerera anawapeza mayiwo pakhonde, atatsamira nsanamira, atafunda bulangete, atatsirizika. Munthu amene kwa sabata yathunthu sankatha kudzutsa mutu anali atakwawa kuchoka kuchipinda, kudutsa pabalaza, n'kutsegula chitseko. Mawondo anali osupuka. Panatsala mikono iwiri yokha kuti afike pa masitepe otsikira pabwalo.

Yunesi anagwa pansi, ndipo polira ankati, "Amatuluka amayi! Atate ake Eliza, amakusiyirani nyumba! Amatuluka!"

Maliro ataikidwa anthu anakhala pansi pa mtengo kuti aone nyumba yoti igwe, ya njerwa kapena yozungulira ija yogonamo nkhuku. Adzukulu, anthu a mudzi wina amene ntchito yawo pamaliro ndi kukumba manda ndi kugwetsa nyumba, anali atakhala kale ndi nkhwangwa zawo. Ena anati mayiwo afera m'nyumba. Ena anati ayi, afera panja, poti mphepo inkawawomba ndipo wodutsa aliyense akanawaona. Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. A Yosafati, amene ankaufuna mthunzi wa khonde lija kuposa munthu wina aliyense, anapeza nzeru.

"Ife tikulimbirana chiyani mwini ntchito ali pompa? Akamwini, inu ndinu mmisiri, tiuzeni. Khonde ndi kanthu kongophatika kunja, si choncho? Pokhala nkhuku basi. Si nyumba ayi. Si choncho, akamwini?"

Ndipo anamutsinzinira diso, poyera, mudzi wonse ukuona. Panalibe amene akanatsutsa. Anthu anali atatopa, ambiri ankaikonda nyumbayo, ndipo adzukulu nawonso, ataona makulidwe a makoma ake, sankaifuna. Yunesi anamuyang'ana mwamuna wake. Chinkafunika ndi liwu limodzi lokha, loti inde.

Lameki anaimirira. Thukuta linayamba kutsika. Anayang'ana nyumba, anayang'ana nsanamira imene apongozi ake anatsamira, anayang'ana pansi.

"Maziko ndi amodzi," anatero.

"Akamwini, mwina simunamve funso."

"Ndamva, amalume. Ndinakumba ndine. Ngalande ndi imodzi, denga ndi limodzi. Ndikati khonde n'lophatika, ndiye kuti nyumbayi anamanga ndi munthu wina."

A Yosafati anagwira kumutu. Yunesi ananyamuka n'kuchoka, ndipo sanamulankhule mwamuna wake mpaka mwezi unatha. Mawu oyamba amene anamuuza anali akuti, "Amayi anakwawa pachabe."

Adzukulu anayamba m'mawa mwake. Anali amuna asanu ndi mmodzi ozolowera kudula nsichi ziwiri, kukoka ndi chingwe, nyumba n'kugwada. Anakankha, anagunda ndi chipika, anathyola mipini iwiri, ndipo mmodzi anabinya phewa. Pofika masana anali atangogumula ngodya ya zenera limodzi. Mkulu wawo, poti adzukulu saopa kunyoza pamaliro, anaponya nkhwangwa pansi n'kufuula:

"Mayi ameneyu anakana kutuluka ali moyo, tsopano nyumba ikukana kugwa! Itanani mfiti inamangayo!"

Lameki anali ataima chapatali akuonerera, ndipo kunena zoona, m'mawa wonsewo mtima wake unkakoma. Koma ataona akumenya khoma pakati ngati akupha njoka, njerwa zabwinobwino zikusweka, sanapirire.

"Sagwetsa choncho! Amayambira pamwamba."

Anakwera, anazula malata, anatsitsa mitengo ya denga, natenga mpeni wake womangira n'kuyamba kuchotsa njerwa imodziimodzi, kuipala dothi, kuitsitsa pansi. Adzukulu anakhala pamthunzi n'kumamulangiza. Zinamutengera masiku khumi ndi awiri. Atafika pa zenera la chipinda chakum'mawa anthu anamuona atakhala pansi pamalo ake aja, mpeni uli m'manja, akulira mosabisa. Patapita nthawi Yunesi anamufunsa ngati ankalira nyumba kapena amayi. Anati sakudziwa, ndipo ankanena zoona.

Njerwa anazisanja bwinobwino m'mizere kumapeto kwa mudzi. Panalibe amene anafuna njerwa za maliro, ndipo zinamera udzu pomwepo. Banja linatulutsa nkhuku m'nyumba yozungulira ya a Nankhoma, linasesa, n'kulowamo. Udzu wake unali woyerabe, poti munalibe munthu anakolezamo moto.

Chaka chotsatira fodya anagwa mtengo. Azungu ambiri anatseka minda n'kumapita, mabalani anatsala akugonamo mileme. Lameki analembedwa ntchito pa msewu waukulu umene Boma linkalambula kulowera kumadzulo, kumanga timilatho ta njerwa ndi miyala pa timitsinje ta pakati pa Katete ndi Sinda.

Mbiri yake inali itapita kale patsogolo. Poyenda inakula, ndipo dzina linatayika panjira. Kumidzi yakutali ankangoti kuli mkamwini wina ku Katete amene anamangira apongozi ake nyumba ya njerwa, anawalera ngati khanda, ndipo atamwalira anakana kuti munthu wina aikhudze, anaigwetsa yekha misozi ili chuchuchu. Pamsewupo Lameki ankagwira ntchito ndi bambo wina woswa miyala, dzina lake Fabiano, wa cha ku Vubwi. Tsiku lina akudya mbatata masana pansi pa kamlatho, Fabiano anayamba kudandaula.

"A Mbewe, ine kuno si ntchito yandibweretsa ayi, ndathawa. Apongozi anga anamva za chitsiru china cha kwanu kuno. Kutacha, anzako njerwa. Masana, anzako uchi. Madzulo, anzako bulangete. Ndinawaphera kalulu anati anzako amapha insa. Munthu ameneyo ndikadzamuona ndidzamuswa mutu ndi nyundo iyi. Inu ndinu akonkuno, mukumudziwa?"

Lameki anatafuna mbatata yake nthawi yaitali.

"Ndinamumvapo," anatero. "Amati ntchito yake inali yabwino."

"Ntchito yakeyo yatipha ife."

"Komabe amati adzukulu asanu ndi mmodzi anailephera." Anapukuta manja m'malaya n'kuimirira. "Tiyeni, a Fabiano, dothi likuuma."